Abiti Jaffalie Anakana Kuzitcha Nyale

Ofesi ya Abiti Jaffalie ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya zitsulo za njinga, mumsewu wotsetserekera ku mlatho wa Shire m'tauni ya Mangochi. Muli tebulo, mipando itatu, kompyuta yomwe imatenga mphindi zisanu ndi ziwiri kuti idzuke, ndi buku lonenepa ngati njerwa ziwiri, lokutidwa ndi kansalu ka chitenje. Bukulo ndi la tarifi. Katundu aliyense wolowa m'dziko muno ali ndi nambala yake mmenemo, kuyambira singano mpaka injini ya boti, ndipo nambalayo ndi imene imanena msonkho wake komanso ngati katunduyo akufunika chilolezo asanalowe. Mayiwa ndi ejenti wa za kasitomu. Amatilembera ife amalonda mapepala oombolera katundu pachipata cha m'malire, n'kusainira pansi kuti zolembedwazo n'zoona.

Dzina lawo lobadwa nalo ndi Mwanamvua, koma limangopezeka pa chiphaso. M'tauni muno aliyense amati Abiti Jaffalie, kutengera dzina la bambo awo. Ali ndi zaka 57, ndi afupi, amavala mpango wakuda tsiku lililonse, ndipo mandala awo anamangidwa mbali imodzi ndi ulusi wa ukonde.

Ine ndinawadziwa mu Epulo chaka chatha, ndili pa liwiro. Ndimagulitsa mafoni, machaja ndi timasola mumsika, ndipo kamodzi pamwezi ndimapita ku Makanjira ndi chikwama cha katundu. Kumeneko n'kumene ndinapeza maganizo oitanitsa katundu wangawanga kuchokera kunja. Asodzi a usipa amapha ndi ukonde wa chilimira. Munthu mmodzi, yemwe amamutcha siginala, amakhala yekha m'bwato ndi nyale zake kukopa nsomba, pomwe maboti okoka ukonde amadikira chapatali. Kuti amvane amakuwa, amaimba likhweru, kapena kugogoda bwato ndi nkhafi. Pakati pa nyanja kumeneko foni imasanduka wotchi basi. Ndiye pa intaneti ndinapeza chipangizo chokwana m'dzanja: kutsogolo nyale, kumsana kasola, pamwamba kaeriyo, ndipo pambali batani loti ukalikanikiza umalankhula ndi mnzako amene wagwira chinzake, monga maova-ova a alonda aja. Mnzanga wina anandibweretsera ziwiri zoyesera m'chikwama chake. Ndinakaonetsa Che Bilal, mwini wa maboti asanu ndi limodzi ku Makanjira.

"Nyale zolankhulazi undibweretsere makumi awiri," anatero Che Bilal. "Koma zifike mwera usanayambe. Ukayamba mwera ine ndidzakhala nditapeza kale nzeru ina. Wamva, mwana wa m'tauni?"

Ndinaitanitsa makumi anayi. Makatoni anayi anafika pachipata cha Chiponde pa 2 Epulo, m'thiraki yochokera ku Nacala yonyamula katundu wa anthu ambiri. Mwera, mphepo yaukali ya panyanja, nthawi zambiri umayamba mu Meyi. Ndinali ndi masabata anayi, mwina asanu ndi limodzi Mulungu akalola.

Tsiku lotsatira ndinalowa mu ofesi ya Abiti mapepala ali m'manja.

"Salaam aleikum, amayi."

"Waaleikum salaam. Khala pansi, ukunditchinga kuwala."

"Ndine Zubair wa mumsika. Ntchito yanga ndi yosavuta. Nambala ndapeza kale pa intaneti: 8513, nyale zonyamula m'manja. Invoisi nayo ikuti nyale za sola. Inu mungolemba."

Anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Ndiye wandifuniranji, Che Dayilekita? Kalembe wekha."

"Akufuna siginecha ya ejenti."

"Eya. Ndiye chimene wabwera kudzagula kuno ndi dzina langa. Chinthucho chili kuti?"

"Ku Chiponde."

"Ulibe ngakhale chimodzi choti ndigwire?"

Ndinatulutsa ziwiri zoyesera zija. Invoisi sanaiyang'ane n'komwe, anaikankhira pambali ndi chigongono. Anayatsa nyale, anazimitsa. Anachitembenuza, anachiyeza kulemera pachikhatho, anapotokola kaeriyo. Kenako anandipatsa chimodzi n'kundiuza kuti ndikaime pakhonde la shopu ya njinga. Nditafika ndinamva mawu awo akutuluka m'dzanja langa.

"Ukundimva?"

"Bwinobwino, amayi!" ndinayankha monyadira.

"Pitirira mpaka pamlatho."

Ndinayenda mamita pafupifupi mazana asanu ndi limodzi, akabaza akundiyang'ana. Nditaima pamlatho chipangizo chija chinatsokomola, kenako mawu anamveka ngati ali pambali panga:

"Zubair, nyale yakoyi ikulankhula. Bwerera kuno."

Ndinapeza atatulutsa kasikuludiraiva m'kachikwama kawo ka ndalama, chinzake chija atachitsegula kale. Anandionetsa ndi nsonga ya bolopeni. Nyale inali timababu tisanu ndi mawaya awiri. China chonse m'katimo, kuchokera pamwamba mpaka pansi, chinali cha wailesi. Anatsegula buku lija osafufuza, ngati munthu wolowa m'nyumba mwake, n'kundiwerengera lamulo lakuti makina ochita ntchito zingapo amalembedwa potengera ntchito yake yaikulu. Kenako anatsitsa chala mpaka pa 8517, pomwe pali mafoni ndi zipangizo zina zotumiza ndi kulandira mawu.

"Nyumba yake ndi iyi," anatero.

Ndinawerengera msanga m'mutu. Za msonkho sizinandiopse, ndikanakwanitsa. Chovuta chinali chimene ananena pambuyo pake: chipangizo choulutsa mawu mumlengalenga sichituluka pachipata popanda chilolezo cha bungwe loyang'anira za mauthenga, ndipo bungwelo limafuna chikalata cha fakitale chofotokoza mphamvu ya chipangizocho ndi njira zimene chimaulutsira. Chikalatacho ine ndinalibe, sindinkadziwa n'komwe kuti chimakhalapo.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mapepala akakwana, masabata angapo. Ako sanakwane."

"Amayi, mwera uli pafupi. Asodzi onse amati ndi nyale. Che Bilal amati ndi nyale. Wogulitsa weniweniyo walemba kuti nyale!"

"Wogulitsayo ali ku China, mwanangu. Sadzaima nane pakauntala ku Chiponde."

Ndinatuluka nditakwiya, mapepala n'kuwaiwala patebulo. Madzulo omwewo, pafupi ndi depoti ya mabasi, ndinakumana ndi Dyson, ejenti wachinyamata woyenda pa galimoto yakeyake. Anandimvetsera akuzunguza makiyi pa chala.

"Masiku awiri, mani. Invoisi ikuti nyale, ife tilemba nyale. Tanama pati? Makatoni anayi m'thiraki yodzaza, ndani ali ndi nthawi yotsegula? Mayi aja ndi a nthawi ya taipi. Ubwere ndi mapepala Lachisanu."

Nditapita kukatenga mapepala aja m'mawa mwake, Abiti anandipatsa popanda kufunsa kanthu. Anali atawaika kale mu envelopu, atawasanja bwino. Ndili pakhomo anandiitana.

"Mawa m'mawa ukutani? Tipite kudoko la Nkope, utenge ziwiri zija. Tikabwerako upite kwa Dyson wakoyo."

"Mwadziwa bwanji za Dyson?"

"Mangochi ndi tauni ya msewu umodzi. Minibasi ndilipira ine."

Mbiri yawo ndinaimva m'minibasi imeneyo, titapanikizana pampando wakumbuyo ndi mabeseni opanda kanthu a amayi opita kukapikula usipa. Ankalankhula akuyamwa kachidutswa ka jinja, chifukwa chilichonse choyenda chimawachititsa nseru. Anabadwira ku Makanjira, mwana wachinayi wa msodzi, koma chibadwire anakwerapo boti kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiriwo anachita kuwamangirira pa thumba la chimanga. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu bambo awo anawatumiza ku Malindi kukakhala ndi azakhali awo, kuti akaphunzire pasukulu ya mishoni. Akuluakulu a pamzikiti anabwera kudzadandaula kuti mwanayo akamubatiza. Bambo awo anayankha kuti mchimwene wawo ali ku Joni, amalemba makalata, ndipo atopa kupita nawo kwa anthu ena kuti akamve zinsinsi za pabanja pawo. Amene ali ndi mwana wodziwa kuwerenga abwereke, apo ayi Mwanamvua apita. Mwanamvua anapitadi.

"Nyimbo zawo zonse ndinkaimba," anatero Abiti, "ndipo ndinkawaposa ana a akatekisiti. Koma mapemphero a swala sindinadumphepo. Azakhali ankandidzutsa okha, chikhalirecho iwowo anali atalowa kale tchalitchi."

Atamaliza Fomu 2 anaphunzira kutaipa, ndipo mu 1988 anapeza ntchito ku Limbe pa kampani ina yoombola katundu. Masiku amenewo fomu iliyonse inkataipidwa makope asanu ndi limodzi, pakati poika kaboni. Ukaphonya nambala imodzi umayambiranso zonse. Choncho anayamba kuloweza manambala kuti asamavutike, kenako anayamba kudabwa chifukwa chake chinthu china chili apa osati apo. Pa nthawi ya chakudya cha masana anzawo akapita kukagula chipisi, iwo ankapita kunyumba yosungira katundu kukaona ndi maso zinthu zimene ataipa m'mawa. Mlonda anazolowera, ankawasungira kampando. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi analemba mayeso, anakhoza, ndipo anayamba kusainira mafomu a kampaniyo.

Mu 1997 abwana awo anawabweretsera invoisi ya makatoni makumi atatu yolembedwa kuti zida za makina otaipira. Anati n'zachangu, mwini katundu ndi munthu wamkulu, asachedwe ndi zopita kukaona. Abiti anasaina. M'makatonimo munali makina olumikizira mafoni a m'maofesi. Zinadziwika, kampaniyo inatsekedwa, ndipo dzina limene linali pansi pa fomu linali lawo.

"Abwana aja?" ndinafunsa.

"Anasamukira ku Lilongwe n'kukatsegula kampani ina m'dzina la mlamu wawo. Ine ndinagulitsa mandasi ku Bangwe zaka zitatu. Mandasi ake abwino, usaganize kuti ndikudandaula." Anasuntha jinja mkamwa. "Chimene chinkandiwawa si mandasiwo. Nyumba yosungira katundu ija inali mayadi mazana awiri kuchokera pa tebulo langa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkapitako tsiku lililonse pongofuna kudziwa. Tsiku limodzi lomwe kunali kofunikadi kupitako, ndinaopa nkhope ya munthu."

Anabwereranso pantchito pa kampani ina. Amuna awo, omwe ankayendetsa minibasi, anamwalira mu 2006, ndipo patapita zaka ziwiri anabwerera ku Mangochi ndi ana atatu n'kutsegula kachipinda kaja. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse amakwera phiri kupita ku Chiponde, jinja ali mkamwa, maso ali chitsinzire m'makona onse a msewuwo. Wamkulu mwa ana awo ndi namwino tsopano. Palibe amene anafuna za buku lija.

Tinafika ku Nkope cha m'ma seveni, maboti akungofika kumene. Padoko panali phokoso la mitengo ya nsomba, amayi akukangana ndi alovi, anyamata okoka ukonde, ena akuyala kale usipa pa thandala. Abiti anaima patali ndi madzi, pansi pa mtengo, n'kutuma mayi wina kuti akaitane siginala aliyense amene sanagone. Anabwera bambo wamtali wa maso ofiira ndi tulo, dzina lake Simioni, ndipo anzake asanu ndi awiri anamutsatira.

Abiti anachotsa tiaeriyo pa zipangizo zonse ziwiri n'kutiika m'kachikwama kawo.

"Achimwene, mnyamata uyu akugulitsa nyale. Taonani."

Simioni anayatsa, anawalitsa pa chikhatho chake, kenako anaphulika kuseka.

"Iyi? Usipa wake uti, amayi? Wa m'beseni?"

"Imeneyo n'njofunira nsapato pansi pa bedi," anatero wina.

"Ngakhale udzudzu sungabwere, ungati kwacha kale koma dzuwa lake ladwala!"

Anandilozera bwato lake pamchenga, pomwe panali mababu akuluakulu atamangidwa pa thabwa ndi batire la galimoto pansi pake. Nditatchula mtengo onse anakuwa. Simioni anandibwezera chipangizocho ndi manja awiri, mwaulemu wonyoza.

"A bizinesi, pitani nayo kwa ana asukulu."

Ndiye Abiti anabwezeretsa tiaeriyo tija. Anatulutsa selotepi yakuda n'kumata nyale zonse ziwiri mpaka osaoneka kuwala ngakhale pang'ono.

"Tsopano nyale yafa. Zubair, afotokozere."

Ndinawaonetsa batani. Simioni anatenga chimodzi, anakankhira bwato m'madzi n'kupalasa mpaka anaoneka ngati kachitsa. Chinzake tinapatsa akazi ake, omwe anali atangofika ndi beseni pamutu. Anthu anaunjikana, phokoso la mitengo lija linazirala. Kenako mawu a Simioni anatuluka m'manja mwa mayiwo.

"Amake Gloria! Mukundimva? Tiyi ali pamoto?"

Mayiwo anadzidzimuka, anatsala pang'ono kuchiponya pansi. Nditawaonetsa pokanikiza anayankha mokweza ngati akukuwira tsidya:

"Tiyi wa chiyani? Nsomba zake zili kuti? Mwagona pamadzi usiku wonse inu!"

Doko lonse linafa ndi phwete. Simioni atabwerako sanafune kuchitula. Mafunso ankagwa mbali zonse, ndipo ine ndinayankha onse. Pamadzi popanda chotchinga chimafika makilomita asanu. Batire limakhala maola khumi ndi anayi. Boti limodzi likhoza kumvana ndi mabwato atatu nthawi imodzi. Injini ikazima mphepo itayamba, simukufunikanso kuvula malaya n'kumakupiza. Simulipira mayunitsi. Ndinalankhula mpaka kukhosi kunauma.

"Nanga nyaleyo ikafa?" anafunsa Abiti ali pansi pa mtengo paja.

"Ingofa, amayi," anatero Simioni. "Bola pakamwapa."

Tikudikira minibasi yobwerera pamsewu, Abiti anamatula selotepi ija pang'onopang'ono n'kuikulunga pa bolopeni kuti adzagwiritsenso ntchito.

"Walankhula mphindi makumi awiri," anatero. "Mawu akuti nyale sunawatchule ngakhale kamodzi."

Anaika bolopeniyo m'kachikwama n'kupitiriza:

"Usaganize kuti buku limafunsa asodzi. Ine ndinadziwa dzana nditangotsegula. Kuno ndabwera chifukwa cha iwe, kuti udzimve wekha. Ndipo sindikunamiza, ukapita kwa Dyson mwina zituluka Lolemba. Nthawi zambiri zimatuluka. Ine chimene ndikukana n'kuika dzina langa pansi pa mawu amene mwini katundu weniweniyo sawakhulupirira. Zina zonse ndi zako."

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinakhala pa benchi yanga mumsika, envelopu ili pamwendo. Ndikanakonda kunena kuti ndinaganiza za chilungamo. Zoona zake n'zakuti ndinaganiza za madoko. Ndinawerenga amene ndimawadziwa kuchokera ku Malindi mpaka ku Makanjira, kenako mbali ino mpaka kupitirira Nkope, n'kuyerekeza maboti a chilimira pa doko lililonse. Zimene ndinaona ku Nkope zinandiuza kuti malondawa si a zipangizo makumi anayi, ndi a mazana anayi kapena kuposa. Makatoni anayi akhoza kudutsa ngati nyale kamodzi. Makatoni makumi anayi sangakhale nyale kakhumi. Ndipo chinthu cholowa ndi dzina labodza umagulitsira pansi pa tebulo moyo wake wonse, sungachipachike poyera kapena kuchilengeza. Koma mbali inayi kunali Che Bilal ndi makumi awiri ake, oda yoyamba yaikulu m'moyo wanga, munthu amene akakutamanda ku Makanjira doko lonse limakutsata. Dyson anaimba foni kawiri. Kachitatu ndinayankha n'kumuuza kuti ndasintha maganizo.

"Zako izo, mani," anatero. "Ukalowe nawo kalasi ya taipi."

Abiti atandiona ndi envelopu sananene chilichonse chosonyeza kupambana. Anangoyatsa kompyuta, ndipo podikira kuti idzuke anandilembera pa kapepala zinthu zoti ndipemphe kwa wogulitsa.

Masabata otsatirawo ndi amene ndinawaona mayiwa akugwira ntchito. Wogulitsa anatenga masiku khumi ndi asanu ndi anayi kuti atumize chikalata cha fakitale. Chitafika ndinathamanga nacho, koma Abiti anachiyerekeza ndi kalembo ka pansi pa batire la chipangizo n'kupeza kuti nambala ya mtundu wake ikusiyana chilembo chimodzi chakumapeto.

"Ndi chomwecho, amayi. Kusiyana kwake mwina ndi utoto chabe."

"Mwina. Ndiye alembe kuti ndi utoto."

Panapitanso masiku asanu ndi atatu. Pempho lathu linalowa pa 2 Meyi. Lolemba lililonse nthawi ya naini Abiti ankaimba foni kufunsa pomwe lafika, mwaulemu, mawu ake omwewomwewo, n'kulemba tsiku ndi yankho kuseri kwa envelopu. Lachiwiri lililonse akapita ku Chiponde ankakaona makatoni anga m'nyumba yosungira katundu. Ulendo wina anapeza ali pansi penipeni pafupi ndi khomo, anapempha kuti awakweze pa mapaleti poopa chinyontho. Sindinawatume zimenezo, ndinazimva kwa dalaivala wina.

Tsiku lina ndinawapeza akukana ntchito ya bambo wina amene anabwera ndi invoisi ya mawaya a netiweki koma wopanda chitsanzo kapena chithunzi. Bamboyo anatuluka akutukwana. Ndinawafunsa ngati sadandaula kutaya makasitomala chotero.

"Ndimadandaula," anatero. "Denga la kunyumba kwanga likudontha malo atatu. Ukuganiza kuti galimoto ya Dyson sindiiona?"

Mwera unayamba pa 17 Meyi. Ndinaumva ndili mumsika, malata akulira, fumbi likulowa m'mabokosi a mafoni. Masana Che Bilal anaimba, atakwera pachulu pomwe amapezera netiweki.

"Mwana wa m'tauni, mphepoyi waimva?"

"Ndaimva, Che Bilal. Ndipatseni masabata awiri okha."

"Dzulo boti langa limodzi lagona ku Mozambiki, injini itazima. Tadziwa lero masana kuti ali moyo. Iwe ukuti masabata awiri."

Foni inaduka. Sindikudziwa ngati inali netiweki.

Ndinapita kwa Abiti n'kuwauza mawu amenewa monga anandiuzira, mwina ndi ukali woposa umene unkafunika. Anavula mandala, anawapukuta ndi nsonga ya mpango kwa nthawi yaitali.

"Ana a eni ake," anatero chapansipansi. Kenako anatenga foni, ngakhale silinali Lolemba.

Chilolezo chinatuluka pa 6 Juni. Pa 11 tinakwera limodzi kupita ku Chiponde. Ofisala anatsegula katoni imodzi, anatulutsa chipangizo, anawerenga nambala pa fomu, anayang'ana chilolezo, anayerekeza kalembo ka pansi pa batire ndi chikalata cha fakitale, chilembo ndi chilembo mpaka chakumapeto chija. Zonse zinatenga mphindi makumi atatu ndi zisanu. Tikutuluka Abiti anandiuza kuti ndinyamule makatoni awiri, iwo ananyamula imodzi pamutu, yachinayi tinapatsa wa wilibala.

M'mawa mwake ndinakwera lole ya matola kupita ku Makanjira. Tinayenda maola asanu ndi awiri. Ndinapeza Che Bilal padoko, atavala jekete, akuyang'ana mafunde oyera akuswekera pamchenga. M'thumba la jeketeyo munkatuluka kaeriyo. Mphwake wina anali atawapezera maova-ova khumi ndi awiri kutsidya kwa malire masabata atatu apitawo.

Sanandikalipire. Anatsegula katoni, anayesa chimodzi, anagwedeza mutu kuti n'chabwino.

"Mawu ndinakuuza," anatero. "Ndipatse zisanu ndi zitatu, za maboti awiri otsalawo ndi za pamtunda."

Ndinakwera pachulu chija n'kuimbira Abiti. Mphepo inkalowa m'foni, ndinachita kubisa mutu m'malaya.

"Atenga zisanu ndi zitatu zokha, amayi. Khumi ndi ziwiri anagula kwina."



"Pepa, mwanangu," anatero. "Ndakuchedwetsa ndine, sindikana. Ndipo ukadzabwera ndi chinthu china chachilendo ndidzakuchedwetsanso, udziwiretu."

"Ndikudziwa."

"Zatsala zingati?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Kope ya chilolezo uli nayo m'chikwama. Uziyamba waonetsa imeneyo usanatchule mtengo. Mtundu umenewo tsopano ndi wovomerezeka, ulendo wina ntchito yake sidzakhala ngati ino. Kumtunda kwa Makanjira kuli madoko angati?"

"Amene ndikuwadziwa ndi asanu."

"Ndiye ukuchita chiyani pachulu? Mphepo imeneyi ndi mpaka Ogasiti."

Ndinatsika n'kukafunafuna wa njinga yamoto woti andinyamule ndi makatoni atatu.